Wamenyetsa mutu pa ngozi koma akuyankhula bwinobwino: mmene mungamuyang'anire masiku atatu oyamba

Nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale, makamaka pano pomwe njinga zamoto za kabaza zadzadza misewu yonse. Munthu wagwa, wamenyetsa mutu pa tala, wadzuka yekha, wasasa fumbi, mwinanso akukangana ndi wakabaza uja za chenji yake, aliyense nkumati aaa ameneyu wapulumuka. Nde pakapita tsiku limodzi kapena awiri mumangomva kuti pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo sizikugwira ntchito, ndipo kumudzi nkhani imayamba yoti alipo wamuponyera poti dzana lomweli anali bwinobwino. Chonsecho ndi mtsempha wopititsa magazi ku ubongo umene unavulala tsiku la ngozi lomwe lija, wakhala ukutsekeka mwakachetechete.

Ndimakumbukira mnyamata wina amene anabwera naye ku wodi yomwe ndinkagwira ntchito. Anagwa Lachisanu madzulo, m'khutu munatuluka timagazi pang'ono, anapukuta nkukagona. Loweruka anangodandaula za mutu ndi khosi. Lamulungu m'mawa mayi ake anamupatsa tiyi, kapu inangopulumuka m'dzanja lamanja nkugwa, iye nkumaiyang'ana pansi ngati si iye wagwetsa, ndipo atafuna kunena kuti pepani mawu anatuluka osokonekera. Mayi aja anandiuza kuti zinatha patangopita mphindi zochepa, anayambanso kuyankhula, nde iwo anati ndi kutopa, anapita kutchalitchi. Pobwera anamupeza mbali yonse yakumanja yafa. Mphindi zochepa zija ndiye linali chenjezo, koma panalibe amene anawauzapo.

Kuti zimveke tiyambe ndi mmene mutu unapangidwira. Ubongo unakhala pa fupa la pansi pa chigaza, ndipo fupa limeneli si losalala ngati mbale, lili ndi mabowo ambirimbiri modutsa mitsempha. Mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi ku ubongo ilipo inayi. Iwiri imatchedwa carotid, ndi ija mumaimva ikugunda mukagwira m'mbali mwa kholingo, ndipo nthambi yake yopita ku ubongo imalowa m'chigaza kudzera m'kanjira kopanikizika, kokhota, ka m'fupa lomwe limasunganso zamkati mwa khutu. Iwiri inayo imatchedwa vertebral, imakwera kudzera m'timabowo ta mafupa a khosi, kulowa pa bowo lalikulu la pansi pa chigaza, kenako nkuphatikizana kukhala mtsempha umodzi wotchedwa basilar umene umadyetsa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma, kumeza ndi kukhala maso. Ubongo ndi kachinthu kochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya wa oxygen umene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo ulibe nkhokwe. Magazi akasiya kufika penapake, pamenepo pamayamba kufa m'mphindi zowerengeka.

Tsono fupa la pansi lija likang'aluka, mng'alu nkudutsa pa kanjira ka carotid, mtsempha ulibe kothawira. Umatha kufinyika, kukandika ndi kachidutswa ka fupa, kapena kukokeka mutu utagwedezeka mwamphamvu. Kawirikawiri sikuti umaduka ayi. Chimang'ambika ndi kachikopa ka mkati mwake, ganizani za tayala la njinga loti kunja lili bwinobwino koma chubu chabooka. Magazi amalowa pong'ambikapo nkuyamba kusenda khoma la mtsempha, njira nkumachepa, komanso pa bala paja magazi amaundana. Choundanacho chimatha kukula mpaka kutseka mtsempha wonse, kapena kumanyotsoka tizidutswa nkumakatseka timitsempha ting'onoting'ono kutsogolo, ndiye sitiroko imeneyo. Palinso zina zosowa kwambiri zoti fupa lotsetsereka la kutsogolo kwa bowo lalikulu lija, lotchedwa clivus, limang'aluka nkupana mtsempha wa basilar pakati pa mng'alu ngati chala pa chitseko, zimenezo nthawi zambiri zimakhala zoopsa pompopompo.

Kuundana kwa magazi kumatenga nthawi, nchifukwa chake pamakhala bata lonyenga lija. Ambiri amene amachita sitiroko yotereyi amaichita mkati mwa maola 72 oyamba, ena patadutsa sabata kapena kuposa. M'zipatala zomwe amaunika bwino mitsemphayi, amapeza vutoli mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 ogonekedwa chifukwa cha ngozi zogunda kapena kugwa. Ndi ochepa inde, koma ambiri mwa iwo ndi achinyamata oti akanachira nkubwerera kuntchito.

Nde tichite chiyani. Pamalo a ngozi penipeni, chonde lekani kumunyamula munthu ngati thumba la chimanga, wina miyendo wina manja mutu uli lendee. Amene wamenyetsa mutu mwamphamvu mumuone ngati wavulalanso khosi kufikira achipatala anene kuti ayi. Munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke, ndipo ntchito yake ikhale yomweyo basi. Ngati wavala helemeti ndipo akupuma bwino musalimbane nayo kuivula. Akayamba kusanza mutembenuzeni thupi lonse pamodzi, mutu khosi ndi msana zili mzere umodzi, kuti masanzi asamutsamwe. Zomuthira madzi kuti atsitsimuke, zomumwetsa fanta, zomuimika kuti tione ngati angayende, zonsezo ayi. Wina ayang'ane nthawi pa foni ndipo aisunge, komanso aone ngati anakomoka ndi kuti kwa mphindi zingati. Kupita naye kuchipatala agone chagada pa chinthu cholimba, pikapu ndi yabwino kuposa kumukweza kabaza ina atamupana pakati. Ndipo yambani kuchipatala, za lipoti la apolisi wachibale wina akhoza kuthamangira pambuyo.

Chachiwiri nkudziwa zizindikiro zoti fupa la pansi pa chigaza lang'aluka, poti ilo silioneka kunja, mutu umatha kukhala wopanda bala olo limodzi. Magazi otuluka m'khutu ndi chimodzi. China ndi timadzi toyera mbee tongodontha m'mphuno kapena m'khutu, tosanata ngati mamina, tomwe timachuluka munthu akawerama, ena amati akumva kukoma mchere kukhosi. Amenewo ndi madzi amene ubongo umayandamamo, akutuluka chifukwa chikopa chokuta ubongo chabooka. Mukaona pa pilo kapena pa nsalu yoyera pali dontho la magazi pakati ndiye mozungulira muli mkombero wotuwa ngati wa madzi, chenjerani, ngakhale kayesedwe kameneka sikodalirika kwenikweni. Kenako pali kuda kozungulira maso onse awiri ngati wamenyedwa zibakera chonsecho kumaso sanagundeko, ndi kuda kwa kuseri kwa khutu, pa kafupa kotukuka kaja, komwe madokotala amati Battle's sign potengera dzina la dokotala wa ku England, William Henry Battle. Ziwirizi zimachedwa, zimatha kuoneka patapita tsiku limodzi mpaka atatu, nde pindani khutu muziyang'ana kuseri tsiku lililonse, pa khungu lakuda muunike ndi tochi ya foni chifukwa kumangooneka ngati kwathimbirira. Kusamva khutu limodzi, kusamva fungo, kapena mbali imodzi ya nkhope kulefuka, nazonso zimaloza komweko.

Chomwe anthu amalakwitsa kwambiri apa ndi kutseka. Khutu likutuluka magazi amalitsindira thonje kapena pepala, ena amathiramo madzi kapena mafuta. Musatero, ingophimbani kunja ndi nsalu yoyera momasuka zizituluka. Mphuno asamine mwamphamvu, akafuna kuyetsemula atsegule pakamwa. Paja apa pali njira yotseguka kuchoka kunja kukafika ku ubongo, mukakankha mukukankhira tizilombo mkati ndipo mapeto ake ndi matenda oumitsa khosi.

Kuchipatala fotokozani zonse mwatsatanetsatane olo akuoneka otanganidwa: wagwa bwanji, liwiro linali lotani, anavala helemeti kapena ayi, anakomoka, anasanza kangati, m'khutu munatuluka chiyani. Musabise ngati anamwa mowa, komanso musalole kuti chilichonse chizingonamiziridwa mowa. Ngati amamwa mankhwala osungunula magazi kapena ali ndi BP nenani. Mumva akutchula manambala a GCS, ndi muyeso wa mmene munthu alili maso umene unayambira ku Glasgow mu 1974, umayambira pa 3 kufika pa 15, ndipo 15 ndiye kuti ali bwinobwino. Koma dziwani kuti munthu wa 15 akhoza kukhala ndi mtsempha wong'ambika, nambalayo imanena za panopa, sinena za mawa.

X-ray wamba saonetsa bwino mng'alu wa pansi pa chigaza, chimafunika ndi CT scan. Ndipo apa pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa. CT wamba wa mutu amaonetsa mafupa ndi magazi amene akukha mkati, koma mkati mwa mtsempha saonetsa bwino, ndiponso sitiroko yongoyamba kumene imatha osaoneka. Kuti aone mitsempha amachita CT angiography, amabaya mankhwala pa mkono amene amapangitsa mitsempha kuwala pa chithunzi, nkujambula kuyambira m'khosi mpaka m'mutu. Sikuti aliyense wogwa amafunika imeneyi ayi. Madokotala ali ndi mndandanda wotchedwa Denver criteria wa anthu oyenera kuunikidwa, ndipo mng'alu wa pansi pa chigaza, makamaka wodutsa pa kanjira ka carotid, ulimo, pamodzi ndi kuthyoka kwa mafupa a khosi, kusweka kwambiri kwa mafupa a nkhope, chipsera cha lamba wa galimoto pakhosi chokhala ndi kutupa kapena ululu, ndi munthu amene wafooka mbali imodzi koma CT wamba sakuonetsa chifukwa chake. Kuvulala kwa mtsemphako amakuika m'magiredi asanu amene Walter Biffl ndi anzake anafotokoza mu 1999, giredi 1 ndi kukandika pang'ono, giredi 4 watsekeka, giredi 5 waduka.

Kwathu kuno makina a CT amapezeka kwenikweni m'zipatala zikuluzikulu ndi zina zolipira, ndipo madokotala a opaleshoni ya ubongo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, monga ku Queens ndi ku LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo chomwe chili pafupi ndi Kamuzu Central. Nde ngati muli pachipatala cha boma laling'ono kapena pa health centre ndipo zizindikiro za mng'alu zija zilipo, nkhani yofunsa ndi ya referral, yoti akutumizeni ku chipatala chachikulu. Funsani mwaulemu koma momveka, mwachitsanzo, adokotala pepani, poti m'khutu munatuluka magazi, kodi n'kutheka kuti pansi pa chigaza pang'aluka, nanga pakufunika sikani? Akanena kuti mng'alu ulipo funsaninso kuti kodi wadutsa pafupi ndi mtsempha, ndipo mitsemphayo aiunika? Ine sindinaonepo dokotala wanzeru akukwiya ndi funso lotere, nthawi zambiri limamukumbutsa chinthu pakati pa odwala makumi angapo. Zomwe anena zilembedwe m'buku lakuchipatala, lija la helefi pasipoti, ndipo zithunzi kapena CD musunge nokha.

Tsopano gawo lenileni, lomwe ndi la inu a gadiyani, kaya wodwala wagonekedwa kaya mwatuluka naye. Masiku atatu oyamba asakhale yekha, olo kubafa chitseko asakhome. Pezani kope ndi cholembera. Maola awiri kapena atatu alionse masana, ndi kangapo usiku makamaka woyamba, muyeseni zinthu zomwezomwezo ndipo mulembe nthawi. Kugona si koletsedwa, chofunika nchakuti mukamudzutsa adzuke ngati mmene amadzukira masiku onse, akuzindikireni.

Muuzeni aonetse mano onse ngati akujambulitsa, muone ngati mbali imodzi ya pakamwa yatsalira. Atambasule manja onse awiri kutsogolo zikhato zili m'mwamba, atsinzine, muwerenge mpaka khumi pang'onopang'ono, dzanja lofooka limayamba kutsika kapena kutembenuka lokha iye osadziwa. Akufinyeni zala ndi manja onse nthawi imodzi. Kenako muyankhulitseni zenizeni, osati kungofunsa kuti muli bwanji poti aliyense amayankha ndili bwino olo ali m'tulo. Musonyezeni supuni anene dzina lake, atchule maina a ana, afotokoze zomwe wadya. Mverani ngati lilime likulemera kapena akusakasaka mawu oti amawadziwa. Atseke diso limodzi ayang'ane, kenako linalo. Ngati analoledwa kuyenda, ayende mpaka pakhomo inu muli pambali pake.

Maso amanena zambiri pa nkhani ya carotid. Chikope chimodzi chikagwa pang'ono ndipo kamwana ka diso lomwelo kakachepa kuposa ka linzake, makamaka limodzi ndi kupweteka kwa khosi, nsagwada kapena kuseri kwa diso mbali yomweyo, pamenepo mtsempha ukhoza kukhala wang'ambika ngakhale sitiroko isanachitike, ndipo ino ndiye nthawi yabwino yomugwira. Diso limodzi kuchita mdima ngati wina watsitsa katani kenako nkuyera, nchenjezo lina. Wina amati akumva phokoso m'khutu kapena m'mutu la fuu fuu fuu lotsatana ndi kugunda kwa mtima. Diso lofiira, lotupa, lotong'oka, nthawi zina patapita masiku kapena masabata, likhoza kutanthauza kuti carotid yabooka nkumathira magazi m'mitsempha yobweza magazi kuseri kwa diso. Mitsempha yakumbuyo ija, ya vertebral ndi basilar, ikakhala ndiyo yavuta zimaoneka mosiyana, chizungulire champhamvu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira ngati woledzera, kutsamwa ndi madzi, mawu kusintha, tulo tosadzutsika.

Ndibwerezenso za mnyamata wa kapu uja. Chizindikiro chobwera nkutha chokha n'choopsa mofanana ndi chokhalitsa. Dzanzi la mkono la mphindi zisanu, mawu kusokonekera kamodzi kokha, zimenezi ndi tizidutswa ta magazi oundana tomwe tatseka nkusungunuka, chachikulu chikhoza kukhala m'njira. Musadikire kuti tione ngati zibwerenso, musadikire kuche, musadikire malume abwere adzagamule. Nyamukani, ndipo mukafika nenani nthawi yeniyeni yomwe munamuona komaliza ali bwino, chifukwa chithandizo cha sitiroko chimayendera maola. N'chifukwa chake ndimati thiransipoti mukonzeretu tsiku loyamba, nambala ya munthu wa galimoto woti angadzuke usiku ndi ndalama ya mafuta zikhale poyera.

Palinso zoopsa zina za kuvulala mutu zosakhudza kutsekeka kwa mtsempha koma zofuna liwiro lomwelo: mutu womangokulirakulira, kusanza mobwereza, kugwa ngati wakhunyu, kusokonezeka kapena ukali wachilendo, kamwana ka diso limodzi kukula, kutentha thupi ndi khosi louma.

Nkhani ya mankhwala ndi yomwe imandidetsa nkhawa ndikamalemba zinthu ngati izi, nde werengani bwino. Chithandizo chachikulu cha mtsempha wong'ambika ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, asipilini kapena heparin, ndipo akayambika msanga amachepetsa kwambiri mpata wa sitiroko. Wina akangowerenga izi athamangira ku golosale kukagula asipilini. Ayi ndithu. Munthu yemweyo wong'aluka chigaza akhoza kukhala ndi magazi amene akukha mkati mwa mutu, kapena chiwindi ndi kapamba zovulala, ndipo asipilini angakulitse kukhako mpaka kumupha. Amene amasankha ndi dokotala ataona sikani, nthawi zina amadikira dala tsiku kapena awiri kuti kukha magazi kukhazikike kaye. Kunyumba wa ululu ndi panado basi, pa mlingo wolembedwa. Bulufeni, indosidi, diclofenac, ndi mapilitsi a mutu a m'magolosale omwe ena amakhala ndi asipilini mkati, asiyeni. Mowa ayi, mapilitsi ogonetsa ayi, chifukwa amabisa zomwe mukufuna kuona. Khosi likamapweteka musalisisite mwamphamvu, kulithowa mokanikiza kapena kulipotokola kuti lilire, mutha kunyotsola choundana chija. Ndipo zotema mphini kumutu kapena kuseri kwa khutu kodako zingowonjezera bala pamalo oti pakufunika ukhondo.

Akapezeka nalo vutoli ndipo ayamba mankhwala, nthawi zambiri amajambulanso patapita masiku 7 mpaka 10 kuti aone ngati mtsempha ukupola kapena pakutupa kathumba, ndipo mankhwala amatha kupitirira miyezi 3 mpaka 6 malinga ndi zomwe aona. Mabala ang'onoang'ono ambiri amapola okha. Ochepa amafunika kulowetsa kachubu m'mtsempha kudzera pa ntchafu kapena opaleshoni. Vuto limene ndaliona kangapo ndi loti munthu akamva bwino sabata yachiwiri mapilitsi amawasiya, tsiku lobwerera kuchipatala nkulidumpha poti thiransipoti yakwera. Mtsempha woti sunapole suwawa, nde kumva bwino si umboni. Pa nthawiyi akamatuluka magazi m'nkhama, m'mphuno, kapena chimbudzi chikada ngati phula, abwerere msanga. Ngati sitiroko inachitika kale, mafizo ayambe mwachangu achipatala akangolola, ndipo pomudyetsa akhale tsonga, phala lolimbirako pang'onopang'ono, poti kutsamwa ndi kumene kumabweretsa chibayo.

Wakabaza kapena woyendetsa galimoto asathamangire kubwerera pamsewu asanaloledwe, chimodzimodzi mpira ndi kunyamula katundu pamutu, ndikudziwa kuti pakhomo pamafunika ndiwo koma kugwa kachiwiri fupa lisanalumikizane n'koipa kuposa koyamba. Ndipo akamadzabwerera, helemeti ija ikhale yeniyeni yophimba mpaka m'makutu ndi kumbuyo, osati chipewa cha pa ntchito ya zomangamanga, lamba wake amange pansi pa chibwano moti pangolowa zala ziwiri. Yosamanga imauluka munthu asanafike pansi, tinkailandira ku wodi ili m'manja mwa wachibale, yopanda ndi kukandika komwe.